Lipoti la Nkhani: Mashifiti Awiri, Malipiro Amodzi, Mitima Yosiyana

Zomwe anandiitanira

Kampani ina yosunga ndi kutumiza katundu inandiitana kuti ndikawathandize kupeza chifukwa chomwe anthu a shifiti ya madzulo ankasiyira ntchito. Dzina la kampaniyo sinditchula, ndipo manambala a m'mabuku awo sindiwalemba muno popeza ndi mmene tinagwirizanirana. Ndasinthanso tina ndi tina tomwe tingachititse munthu kuzindikirika. Ntchito yanga ndi ya ulangizi pa kasamalidwe ka anthu ogwira ntchito, ndipo lipotili ndalembera anzanga a ntchito ngati yangayi komanso aliyense amene amayang'anira anzake, kuti aone pomwe ndinalondola ndi pomwe ndinaphonya.

Ntchito ya pamalopo ndi yosavuta kufotokoza. Maoda amabwera pa kompyuta, anthu amatenga katundu m'mashelefu, kumulonga m'makatoni, kumata mapepala, kenako kukweza m'malole. Pali mashifiti awiri, wina wa m'mawa ndi wina wa madzulo amene amaweruka usiku lole yomaliza ikanyamuka. Malipiro ndi amodzi, kungoti a madzulo amalandira kangachepe koonjezera chifukwa cha usiku. Makontirakiti ndi amodzi, denga ndi limodzi, katundu ndi yemweyo. Komabe ambiri a m'mawa anali atakhalapo zaka, pamene kwa a madzulo munthu ankati akangodziwa pomwe pamakhala chiyani, basi wapita, abwere wina adzayambirenso kuphunzitsidwa. Kujomba kunali kwa madzulo. Makatoni olakwika omwe makasitomala ankabweza, ambiri ankalembedwa pa dzina la madzulo.

Abwana akulu anali ndi mayankho awiri ndisanafike n'komwe. Loyamba linali loti achinyamata a masiku ano safuna ntchito ya usiku. Lachiwiri linali loti kapitawo wa madzulo ndi wouma mtima, achotsedwe. Kwa ine ankangofuna kuti ndisankhepo limodzi ndi kusainira. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kawirikawiri mlangizi amaitanidwa kuti adzamete pomwe eni ake anyowetsa kale.

Zinthu ziwiri zomwe zimasokonezedwa

Ndisanafotokoze zomwe ndinapeza, ndiyenera kulekanitsa mawu awiri, chifukwa kafukufuku yense anatsamira pa kusiyana kwake.

Loyamba ndi mkhalidwe wa pa ntchito. Olemba m'Chingerezi amati climate, liwu lomwe amatchuliranso nyengo. Tanthauzo lake ndi zomwe anthu a pagulu limodzi amaona mofanana pa mmene zinthu zimayendera pamalo pawo: chomwe chimachitika munthu akalakwitsa, yemwe amayamikiridwa ndi chifukwa chake, ngati ukhoza kufunsa funso osatukwanidwa, ngati lamulo lomwe lili pakhoma ndi lomwe limatsatidwadi. Maganizowa si atsopano. Mu 1939, Kurt Lewin, Ronald Lippitt ndi Ralph White anafalitsa zomwe anapeza ku Iowa pa timagulu ta anyamata a zaka pafupifupi 10 tomwe tinkatsogoleredwa ndi akuluakulu m'njira zitatu: wolamula chilichonse yekha, wokambirana ndi anyamatawo, ndi wongowasiya achite zofuna zawo. Atsogoleriwo ankasinthana magulu, ndipo anyamata omwewo ankasintha khalidwe kutengera utsogoleri womwe ali pansi pake. Pansi pa wolamula yekha, ntchito inkayenda iye akakhalapo, koma akangotuluka m'chipinda inkazilala. Mu 1968, George Litwin ndi Robert Stringer a ku Harvard anayesa zofananazo ndi akuluakulu. Anapanga makampani atatu ongoyerekeza osiyana pa utsogoleri wokha, ndipo m'masiku ochepa kampani iliyonse inali ndi mkhalidwe wakewake.

Lachiwiri ndi kukhutira ndi ntchito. Edwin Locke mu 1976 anati kumeneku ndi kusangalala kwa mumtima komwe munthu amakhala nako akaunika ntchito yake ndi zomwe wakumana nazo pantchitopo. Apa munthu sakufotokoza za malo, akuweruza ngati malowo akumukomera iyeyo.

M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anakanganapo kwambiri ngati ziwirizi ndi zosiyanadi, ena akumati ofufuza angopatsa dzina latsopano chinthu chakale. Yankho lomwe linakhazikika ndi lomwe ine ndimagwiritsa ntchito: funso la mkhalidwe limapempha munthu kuti anene zomwe amaona, funso la kukhutira limamupempha kuti anene mmene akumvera. Ukafunsa kuti, kodi ovataimu imalengezedwa nthawi ikadalipo, ukufunsa za mkhalidwe. Ukafunsa kuti, kodi ndinu wokhutira ndi mmene ovataimu imagawidwira, ukufunsa za kukhutira. Anthu awiri akhoza kuvomerezana kuti ovataimu imabwera mwadzidzidzi, wina n'kumadana nazo chifukwa ali ndi mwana wakhanda kunyumba, wina n'kumazikonda chifukwa akusaka ndalama.

Mmene ndinafufuzira

Ndinagwiritsa ntchito njira zinayi: mafomu a mafunso, kucheza ndi anthu mmodzimmodzi, kuwerenga mabuku a kampani, ndi kukhala pamalopo nthawi yosinthana mashifiti.

Pa kukhutira ndinatenga fomu yaifupi ya Minnesota Satisfaction Questionnaire ya mu 1967, yomwe ili ndi mafunso 20, ndipo pounika mayankho ndinawagawa motsatira mbali zisanu zomwe Patricia Cain Smith ndi anzake anakhazikitsa mu 1969: ntchito yeniyeniyo, malipiro, mwayi wokwezedwa, woyang'anira, ndi anzako a pantchito. Mafunso a mkhalidwe ndinalemba ndekha m'mawu a pamalopo. Mafomu awiriwa ndinawagawa masiku osiyana. Munthu akayankha zonse nthawi imodzi atakwiya kapena atatopa, mkwiyowo umadontha pa mayankho onse, ndipo wofufuza amatuluka akunyadira kuti wapeza mgwirizano waukulu pamene wangoyeza tsiku loipa la munthu.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndekha. Pofuna kufulumira, ndinalola kuti makapitawo agawe ndi kutolera mafomuwo. A madzulo pafupifupi onse anachonga pakatikati, funso lililonse, ngati anapangana. Ndinataya mulu wonsewo n'kuyambiranso, ulendo uno ndili ndi bokosi langa lokhoma lomwe ndinkachoka nalo tsiku lomwelo. Koma mafomu otayidwawo anandiuza kanthu: a m'mawa, ngakhale anapatsira kapitawo wawo m'manja, analemba zodandaula zawo mosabisa, ena mpaka kuseri kwa pepala.

Njira yomwe inandipindulira kwambiri ndi yotsika mtengo pa zonse. Kwa masabata atatu ndinkafika a m'mawa atatsala pang'ono kuweruka n'kukhala mpaka lole yomaliza itanyamuka. Palibe bwana wa mu ofesi amene anali atachitapo zimenezi. Zonse zomwe ankadziwa za usiku ankazimva m'mawa mwa malipoti, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zomwe mayankho anaonetsa

Pa malipiro, mashifiti onse awiri anali osakhutira mofanana. Pa ntchito yeniyeniyo, panalibenso kusiyana kwenikweni: onse ankati ndi yotopetsa koma yopiririka. Izi zokha zinagwetsa yankho loyamba la abwana, popeza a madzulo ochepa kwambiri ndi omwe anatchula usiku ngati vuto, ndipo angapo anati anausankha okha kuti masana azichita zina.

Kusiyana kunali pa woyang'anira, pa mwayi wokwezedwa, ndipo chodabwitsa, pa anzawo a pantchito. A madzulo sankakhulupirirana. Ndipo pa mafunso a mkhalidwe, mayankho a anthu a shifiti imodzi ankafanana okhaokha koma n'kusiyana kwambiri ndi a shifiti inayo. Chimenechi ndi chizindikiro choti ukuyeza chinthu cha gulu osati kung'ung'udza kwa munthu mmodzi kapena awiri. Munalibe mkhalidwe umodzi wa kampani yonse m'nyumba imeneyo. Munali iwiri, ndipo inkasinthana pa ola lomwe mabelu ankalira.

Pano ena angathamangire kwa Frederick Herzberg, amene mu 1959 ndi anzake anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh za nthawi zomwe anasangalala kapena kuipidwa kwambiri ndi ntchito. Iye anati malipiro, malamulo a kampani ndi kayang'aniridwe zikaipa zimakhumudwitsa, koma zikakonzedwa sizibweretsa chimwemwe pazokha. Chimwemwe chimachokera ku kupambana, kuyamikiridwa ndi udindo. Ndimamulemekeza Herzberg, koma ndimamugwiritsa ntchito mosamala. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti kugawa kwakeko kumadalira kwambiri kafunsidwe kake, popeza munthu amakonda kudzitamandira pa zabwino ndi kuloza ena pa zoipa. Ndipo ndaona mabwana ambiri akumutchula ngati chodzitetezera kuti asakweze malipiro.

Zomwe ndinaona ndi maso

Chinthu choyamba chinali pa nthawi yosinthana. A m'mawa ankayamba ndi maoda osavuta, a katundu wamtundu umodzi, chifukwa chiwerengero chawo chinkatengera makatoni omalizidwa. Maoda ovuta, a tinthu tambirimbiri tosiyanasiyana, ankawasiya atalongedwa theka. Belu likalira ankavula magolovesi n'kumapita, osauza aliyense kuti katoni iyi yafika pati. Wa madzulo ankapeza katoni yosatseka, n'kuimaliza mongoganizira. Tsono kompyuta inkalemba cholakwa chilichonse pa shifiti yomwe yatulutsa katoniyo pa chipata. Ndiye kuti munthu wa m'mawa akaika katundu wolakwika pansi pa katoni, mlandu unkagwera wa madzulo amene wangoitseka. Palibe amene anakonza zimenezi mwadala. Amene anaika pulogalamuyo anangosankha malo osavuta kuwerengera, ndipo kwa zaka zingapo manambala ankanena bodza mokhulupirika.

Chachiwiri chinali bolodi. Pafupi ndi khomo lolowera panali bolodi pomwe kapitawo wa madzulo ankalembapo mayina a omwe alakwitsa sabata imeneyo. Dzina likaoneka katatu, kunkabwera kalata yochenjeza. Kapitawo wa m'mawa analibe bolodi, anali ndi kabuku komwe aliyense ankalembamo yekha akazindikira kuti walakwitsa, kuti katoniyo igwidwe isanakwere lole. Kabukuko kanali kodzaza. Kwa madzulo, pafupifupi palibe amene ankadziulula. Munthu akazindikira kuti wasokoneza, ankakankhira katoniyo kutsogolo n'kumapemphera kuti igwere dzina la mnzake. Apa ndi pomwe panachokera kusakhulupirirana kuja.

Nditaona izi ndinakumbukira zomwe Amy Edmondson anapeza mu kafukufuku wake wa mu 1996 pa magulu a anamwino m'zipatala. Ankayembekeza kuti magulu oyendetsedwa bwino adzakhala ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala, koma anapeza kuti ndi omwe anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Chifukwa chake chinali choti m'magulu amenewo anthu sankaopa kuulula. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wina pa magulu 51 a m'kampani ina yopanga zinthu, woonetsa kuti pomwe anthu amamva kuti akhoza kufunsa, kuvomera kulakwa kapena kutsutsa popanda kunyozedwa, gululo limaphunzira msanga. Kusadziulula kwa a madzulo kunali kwa anthu amantha.

Chachitatu chinali ovataimu. Gulu la ogulitsa linkalandira maoda mpaka madzulo kwambiri n'kulonjeza makasitomala kuti katundu anyamuka usiku womwewo. Zotsatira zake, anthu ankauzidwa kuti atsalira atavala kale majekete awo. Ndalama ya ovataimu inkalipidwa bwinobwino, pa ichi kampaniyo sinkabera munthu. Chomwe chinkawawa n'chakuti munthu sankatha kulonjeza chilichonse kunyumba. Mayi wina anandiuza kuti ndalamayo amaifuna, koma amene amamusungira ana anali atamuuza kuti atopa ndi kudikira osadziwa ola. Komanso panali anthu atatu kapena anayi omwe nthawi zonse ankaloledwa kupita, ndipo aliyense ankawadziwa.

Chachinayi sindinachiganizire n'komwe mpaka nditachiona. Shifiti ya madzulo ikamafika pakati, maofesi onse amakhala atatsekedwa. Wa za malipiro wapita, wa za antchito wapita, makaniko wapita. Munthu wa m'mawa akapeza kuti pepala lake la malipiro lalakwika, amakwera masitepe n'kukonzetsa pa nthawi yopuma. Wa madzulo amayenera kubwera msanga pa nthawi yake. Misonkhano yonse inkachitika m'mawa. Malo a ntchito akatseguka, nkhani inkamveka m'mawa, ndipo pofika madzulo wina amakhala atalankhula kale ndi abwana. Mnyamata wina anandiuza kuti nkhope ya bwana wa mu ofesi anaiona kawiri chiyambireni: tsiku lomwe analembedwa ntchito ndi tsiku lomwe anapatsidwa kalata yochenjeza.

J. Stacy Adams analemba mu 1963 kuti munthu sayeza malipiro ake paokha, amayerekeza zomwe iye amaikamo ndi kutulutsamo ndi zomwe mnzake amaikamo ndi kutulutsamo. A madzulo sankadziyerekeza ndi antchito a kampani ina. Ankadziyerekeza ndi anthu omwe ankakumana nawo pakhomo tsiku lililonse akutuluka akuseka, atawasiyira makatoni osatseka.

Kapitawo uja

Ndinacheza naye komaliza, ndipo ndivomere kuti ndinapita nditamuweruza kale. Ndinali nditamumva akukalipira bambo wamkulu kuposa iye pamaso pa onse chifukwa cha katoni imodzi.

Anandionetsa foni yake. M'mawa uliwonse, iye asanadzuke n'komwe, munkakhala mutalowa uthenga wochokera kwa manijala wake wokhala ndi mndandanda wa malole omwe anachedwa ndi makatoni omwe abwezedwa, ndi funso limodzi lofuna kudziwa kuti wachita chiyani ndi olakwawo. Bonasi yake inkatengera manambala omwewo. Bolodi lija analiyamba atafunsidwa funso limenelo kwa miyezi, kuti akhale ndi choonetsa. Analibe mphamvu yokana oda yochedwa, analibe mphamvu yoitanitsa munthu woonjezera, ngakhale forokolifiti ikafa usiku ankangoikankhira pambali mpaka makaniko abwere m'mawa. Nkhani ya makatoni osatseka anali ataidandaula kangapo, ndipo anayankhidwa kuti asamapereke zifukwa. Kenako anangosiya kunena.

Robert Karasek mu 1979 anaonetsa kuti ntchito yopweteka kwambiri si yochuluka chabe, koma yochuluka pamene woigwirayo alibe mphamvu yosankha mmene aigwirire. Mwa anthu onse m'nyumba imeneyo, amene ankakwanira bwino kufotokozaku anali kapitawoyu. Fomu yake ya kukhutira, yomwe anandilola kuti ndiione, inali m'gulu la zotsikitsitsa. Mkhalidwe womwe anthu ake ankaudandaula sunayambire pa iye, unkangomudutsa kuchokera kumwamba.

Sindikumuyeretsa. Kukalipa kunali kwake, ndipo kukondera kunali kwake. Anthu omwe ankawalola kupita msanga anali omwe ankamunong'oneza za anzawo. Nditamufunsa anayamba wakana, kenako anati munthu amene alibe womuthandiza kumwamba amadzipezera omuthandiza pansi. Koma ndinali wotsimikiza kuti kumuchotsa n'kuika wina pampando womwewo, ndi uthenga womwewo wa m'mawa uliwonse, kukanatulutsa kapitawo wofanana naye pasanathe chaka.

Albert Hirschman analemba mu 1970 kuti zinthu zikaipa, munthu amatha kuchoka kapena kulankhula. Kwa madzulo njira yolankhula inali yotsekeka kuyambira kwa wolonga katundu mpaka kwa kapitawo. Inatsala inayo.

Zomwe tinachita

Nditapereka zomwe ndinapeza, maganizo oyamba a abwana anali oti akonze phwando la antchito onse ndi kuyamba kusankha wantchito wopambana wa mwezi. Ndinawapempha kuti adikire. Mphotho ya wopambana, itawerengedwa ndi manambala omwewo, ikanapita kwa a m'mawa mwezi uliwonse, ndipo a madzulo akanaiona ngati chipongwe.

Tinayamba ndi kompyuta. Katoni iliyonse inayamba kulembedwa dzina la shifiti yomwe yaiyamba ndi yomwe yaimaliza. Tinakhazikitsa mphindi 15 zosinthirana, pomwe makapitawo awiriwo amayenda limodzi kuona maoda osamalizidwa n'kusainirana. Bolodi la mayina linachotsedwa, ndipo kabuku ka m'mawa kanakhala ka onse, ndi lonjezo lolembedwa loti cholakwa chomwe munthu waulula yekha katoni isanakwere lole sichibweretsa kalata. Ovataimu inaikidwa pa ndandanda yozungulira yomwe imapachikidwa sabata isanayambe, ndipo anthu amaloledwa kusinthana okhaokha. Wa za antchito ndi wa za malipiro anayamba kutsalira madzulo amodzi pa sabata. Kapitawo uja ndinakhala naye kangapo kukambirana za kadzudzulidwe, makamaka kuti munthu azimuitanira pambali, ndipo manijala wake anavomera kuti uthenga wa m'mawa uzifunsa chomwe chinachitika osati yemwe walangidwa.

Nkhondo yaikulu inali pa ola lomaliza lolandirira maoda. A zogulitsa anakana kwamtuwagalu, akumati makasitomala athawira kwina. Tinagwirizana pakati: ola linaikidwa, koma bwana wa zogulitsa akhoza kulidumpha ngati walemba chifukwa chake ndi kuuza kapitawo nthawi yomweyo.

Pa malipiro abwana anati palibe chomwe angachite chaka chimenecho. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akanene okha pamaso pa mashifiti onse awiri, ndi zifukwa zake, ndi kulola mafunso. Ndinawafotokozera za kafukufuku wa Jerald Greenberg wa mu 1990. Kampani ina ya ku America inadula malipiro ndi 15 peresenti kwa masabata 10 m'mafakitale ake awiri. Ku fakitale imodzi akuluakulu anafotokoza mwatsatanetsatane ndi mopepesa, ku inayo anangolengeza mwachidule. Kuba katundu wa kampani kunakwera konse kuwiri, koma kunakwera kwambiri komwe anthu sanafotokozeredwe, ndipo kumenekonso ndi komwe ambiri anasiya ntchito. Abwana anabwera usiku wina n'kuima pakati pa mashelefu pafupifupi ola lathunthu. Sunali msonkhano wokoma. Koma mafunso anafunsidwa, ndipo ena mwa ofunsawo ndinali ndisanawamvepo mawu.

Zomwe zinatsatira

Mwezi woyamba zolakwa zolembedwa za madzulo zinakwera kwambiri, ndipo manijala anandiimbira foni ali ndi nkhawa kuti tawononga zinthu. Ndinali nditawachenjeza kuti zidzatero, koma chenjezo la pakamwa limaiwalika manambala akafika pa tebulo. Ndinawapempha kuti ayang'ane makatoni obwezedwa ndi makasitomala m'malo mwa kabuku. Amenewo anayamba kutsika patapita masabata angapo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinabwereza mafomu aja. Kwa madzulo, mayankho a mkhalidwe anasintha kwambiri pa nkhani ya zolakwa ndi ya ovataimu, ndipo kukhutira ndi woyang'anira komanso ndi anzawo kunakwera. Kukhutira ndi malipiro kunali pomwe kunali. Kujomba kunachepa, ndipo osiya ntchito anachepa.

Chomwe sindinachione chikubwera ndi cha a m'mawa. Kukhutira kwawo kunatsikako. Zolakwa zawo tsopano zinkawagwera, maoda ovuta sankathanso kuwasiya, ndipo mphindi 15 zija ankaziona ngati zowabera nthawi. Mbali ina ya mtendere wawo wa kale inali yolipiridwa ndi anzawo a usiku, ndipo ine ndinkawatenga ngati chitsanzo chabwino osafunsa kuti ubwinowo ukuchokera kuti. Ndikanayenera kukhala nawo pansi tisanasinthe kanthu. Tinachita zimenezi mochedwa, mitima itatupa kale, ndipo kapitawo wawo sanandilankhulenso momasuka mpaka ndinamaliza ntchito yanga.

Ndiyeneranso kunena malire a zomwe lipotili lingatsimikize. Ndi malo amodzi, ndipo tinasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, kotero sindingaloze chimodzi n'kunena kuti ichi ndiye chinachiza. Ena mwa okwiyitsitsa anali atachoka kale pomwe ndinkabwereza mafomu patatha miyezi isanu ndi umodzi, zomwe pazokha zimakweza mayankho. Palinso chomwe chimatchulidwa kawirikawiri kuchokera ku kafukufuku wa pa fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric pafupi ndi Chicago, wa pakati pa 1924 ndi 1932, choti anthu amatha kusintha kagwiridwe ka ntchito chifukwa choti wina akuwayang'ana ndi kuwamvera. Akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa zimenezi, koma ine ndinakhala pakati pa anthuwo masabata ambiri, ndipo sindingadzichotse mu nkhaniyi. Komanso msewu wa pakati pa mkhalidwe ndi kukhutira umayenda mbali zonse: munthu wokhutira amaona malo ake ndi diso labwino, ndipo iyeyo amathandiza kuti malowo akome. Mbali ina ya kukhutira munthu amabwera nayo. Richard Arvey ndi anzake mu 1989, pofufuza mapasa ofanana omwe analeredwa kosiyana, anayerekeza kuti pafupifupi 30 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa kukhutira ndi ntchito ikhoza kukhala yachibadwa. Panali bambo wina wa madzulo amene anali wosangalala zinthu zili poipa, ndi wina amene anapitiriza kudandaula zonse zitakonzedwa.

Abwana ankafuna kuti ndiwalonjeze kuti anthu okhutira adzalonga makatoni ambiri. Ndinakana. Timothy Judge ndi anzake mu 2001 anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambirimbiri n'kupeza kuti mgwirizano wa kukhutira ndi kagwiridwe ka ntchito uli pafupifupi 0.30, pa sikelo yomwe 0 ndiye kuti palibe mgwirizano ndipo 1 ndiye wathunthu. Ulipo ndithu, koma si woti munthu n'kuwerengerapo phindu la chaka. Pa kampaniyi, liwiro la ntchito silinasinthe kwenikweni. Phindu lomwe linaoneka linali la kuchepa kwa katundu wobwezedwa ndi kuchepa kwa nthawi yophunzitsa atsopano.

Anthu awiri odziwa ntchito kwambiri a madzulo anachokabe m'miyezi imeneyo. Onse anandiuza kuti zinthu zakhala bwino kuposa kale, ndipo onse anapita komwe amalipira zambiri.

Ulendo wanga womaliza unagwera pa nyengo yomwe maoda amachuluka. Ndinapeza kuti ola lomaliza lija ladumphidwa masiku ambiri kuposa omwe lasungidwa, ndipo zifukwa zolembedwazo zinali zitafupika kufika pa liwu limodzi loti kasitomala. Ndandanda ya ovataimu inali ikadali pakhoma, koma mayina ena anali ataonjezeredwa ndi cholembera usiku womwewo. Bolodi silinabwerere, kabuku kanali kakudzazabe. Kapitawo wa madzulo anandionetsa kalata yomwe analembera abwana akulu, yopempha kuti apatsidwe mphamvu yosiyira shifiti ya m'mawa oda iliyonse yofika ola litadutsa, pokhapokha abwanawo atamuimbira okha. Anthu onse a shifiti yake anali atasainira pansi pake, kuphatikizapo bambo uja anamukalipira chifukwa cha katoni imodzi. Kalatayo inali itatha masabata awiri pa tebulo la abwana. Mu lipoti langa lomaliza kwa iwo ndinaiika patsamba loyamba ndi kulembapo kuti ndikugwirizana nayo, ndipo kontirakiti yanga inathera pomwepo.